Ndamulanda kiyi mlamu wanga, koma kompyuta ikadali yokhoma

Aphungu,

Monire. Ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndili ndi kasitudiyo kojambula zithunzi kuno ku Lundazi, pafupi ndi msika, mbali imene azimayi amagulitsa zovala za salaula, zija zovalidwapo kale zochokera kunja. Ndimajambula za pachitupa, za ana a sukulu, za maukwati ndi za kutchalitchi. Si bizinesi yoti n'kudzitama nayo, koma ndi imene imatidyetsa, poti amuna anga amayendetsa minibasi ya eni ake pa msewu wa ku Chipata, ndipo mukudziwa mmene ntchito imeneyo ilili. Ndikulemba kalatayi mutu utaima. Mukaona ndikuzungulira, mundipirire.

Lolemba la sabata yatha ndinatsegula shopu, ndinasesa, n'kuyatsa kompyuta monga mwa masiku onse. M'malo mwa chithunzi cha mwana wanga chimene chimakhala pagalasi, panabwera chikalata chofiira cha Chizungu, pakona pali kawotchi kowerenga chobwerera m'mbuyo. Ndinayesa kutsegula zithunzi, zinakana. Mayina ake onse anali atasintha, kumapeto kwake kuli zilembo zosamveka. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, chimodzimodzi.

Ine Chizungu ndimamva cha pakauntala, osati cha chikalata ngati chimenecho. Ndinaitana a Obby, amene amagulitsa mafoni khomo loyandikana ndi langa. Anawerenga akupukusa mutu, kenako anati, "Amai, apa akamba kuti zinthu zanu zonse azikhoma, ndipo kiyi ali nayo ni iwo. Mukalipila azakupatsani. Mukachedwa azaitaya." Ndinafunsa kuti iwowo ndi ndani, anati sanalembe dzina. Ndalama zake akuti ndilipire za pa intaneti, zotchedwa bitikoini, zimene ine sindinaonepo ngakhale mtundu wake.

Aphungu, nditangomva mawu oti kiyi, mtima wanga unathamangira kumodzi. Makiyi a shopu yanga alipo awiri basi. Wina amakhala pa chingwe m'khosi mwangamu. Winayo amasunga mlamu wanga Faides, mlongo wawo wa amuna anga, amene ndagwira naye ntchito chitsegulire shopuyi. Iye ndiye amakhala pa kompyuta nthawi zambiri, ine ndimagwira kamera. Loko sanathyoledwe, zenera lili bwinobwino, malata ali m'malo mwake. Nanga munthu amene walowa, wakhoma zinthu zanga, n'kumanena kuti kiyi ali naye, angakhale ndani?

Komanso taonani izi. Lachisanu masana, kutatsala masiku atatu kuti izi zioneke, Faides anapempha kupita kumudzi kwa apongozi anga ku Mphamba, chifukwa kwaya ya kumeneko inali ndi msonkhano ndipo ankafuna kukawaonetsa vidiyo imene tinawajambula. Popita anazula kabokosi kakuda kamene kamalumikizidwa ku kompyuta ndi kachingwe, kaja amati hadi diraivi, n'kukaponya m'chikwama. Sanandiuze. Ndinazindikira mawa lake kuti palibe. Kabokosiko iye amakoperamo ntchito zathu akakumbukira, koma kamakhala pompo patebulo, sikachoka. Ndiye munthu wanyamula kabokosi Lachisanu, kiyi ali naye, Lolemba zonse zakhomedwa. Inu mukanaganiza chiyani?

Loweruka lonse ndinali ndekha m'shopu, ndipo tsikulo linali loipa kale. Magetsi ankangothimathima, makasitomala akudandaula. Kunabweranso imelo yonena kuti katundu wanga wa mapepala osindikizira zithunzi wagwidwa pa siteshoni ku Lusaka, nditsegule risiti ndione. Mapepala ndinali nditaitanitsadi. Ndinatsegula, kompyuta inafunsa kena kake, ndinadina povomera, koma risitiyo sinaoneke. Ndinadinanso, ndinatopa, ndinasiya. Mapepalawo anafika bwinobwino Lachiwiri, ndiye imeneyo si nkhani. Ndangoitchula kuti muone mmene sabata imeneyo inandiyendera.

Faides anafika Lolemba lomwelo chakumasana, atasenza mtedza umene apongozi ananditumizira. Moni wake sindinayankhe. Ndinamufunsa pakhomo pomwepo, azimayi a salaula akumva, kuti wapangana ndi ndani. Ndinati ngati amafuna ndalama akanangopempha. Poyamba anaseka, ankayesa nthabwala. Ataona nkhope yanga anatula mtedza pansi. Faides akapsa mtima amabwerera ku Chitumbuka. Anati, "Alamu, ine ndine munkhungu yayi," kutanthauza kuti iye si wakuba. Ndinati ngati si wakuba abweze kiyi ndi kabokosi. Anaponya kiyi pakauntala. Kabokosi anati wakasiya kumudzi kwa mkulu wa kwaya, poti ena anali asanaonere. Anatembenuka n'kubwerera ku Mphamba tsiku lomwelo, madzi omwe osamwa.

Madzulo ake ndinagula loko watsopano, wamkulu ndithu. Lachiwiri ndinayatsa kompyuta makiyi onse ali m'manja mwanga, akale ndi atsopano omwe. Chikalata chofiira chinali pompo, wotchi ikupitirira. Apa mpamene ndinasokonekera zenizeni. Ngati makiyi onse ndili nawo ndine, uyu akuti kiyi ali naye akunena kiyi uti?

Malangizo ndiye ndalandira osasowa. Mayi wina wa salaula atamva anthu akunena kuti mu kompyuta mwalowa kachilombo anandibweretsera sipiliti kuti ndipukute kompyuta yonse. Ndinapukuta, Aphungu, musaseke. A Obby akuti ndingolipira, zithe. Wina wandipatsa nambala ya munthu wa pa intaneti amene akuti amatsegula zoterezi ukamutumizira kaye ndalama ya chiyambi. Amuna anga anangoti, "Mlongo wanga mwamuitana wakuba pamsika," ndipo chinenere mawu amenewo amadya chamutu pansi n'kukagona.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Mwezi watha ndinajambula ukwati wa mtsikana wina mphunzitsi, dzina lake Norah. Bambo ake, a Nason, anali akudwala kale, koma anadzikakamiza kudzuka, anavala suti, n'kumuperekeza mwana wawo mpaka kutsogolo m'tchalitchi. Kuphwando anavinako pang'ono atatsamira ndodo. Sipanapite nthawi, anamwalira. Anali munthu wothawa kamera moyo wawo wonse, moti pabanjapo alibe chithunzi chawo china kupatula cha pachitupa. Zithunzi za ukwatiwo ndinali ndisanapereke chifukwa maliro analowa pakati, ndipo khadi la m'kamera ndinafufuta kale n'kujambulirapo zina. Zonse zili mu kompyuta yokhomedwayo.

Norah anabwera Lachinayi, atavala zakuda. Anati, "Anti, sinifuna zambili. Chabe chimodzi chija atate anigwila dzanja. Amama afuna kuchiika pa chipupa." Ndinamuuza kuti makina akuvuta pang'ono, abwere sabata ya mawa. Anati yewo, n'kumapita. Atangokhota ndinakhala pansi kuseri kwa kauntala n'kulira.

Dzulo Faides watumiza uthenga pa foni ya achimwene ake, amuna anga aja. Akuti kabokosi kali bwino, koma sakapereka kwa wina aliyense. Ndikakafuna ndipite ndekha ku Mphamba, ndikabwereze pamaso pa apongozi mawu amene ndinanena pamsika, kenako ndiwabweze. Ndiye ndili pakati pa anthu awiri ogwira zinthu zanga chikole, wina akufuna bitikoini, wina akufuna ndigwade. Kapena ndi munthu mmodzi yemweyo? Ngati zithunzi za Norah zili m'kabokosimo, sindikudziwa. Sindikudziwanso ngati kabokosiko ndiko kanabweretsa matendawa.

Ndilipire? Ndikamuneneze mlamu wanga ku polisi? Norah ndimuuze chiyani? Wotchi ija yatsala pang'ono, ndipo ine ndikuopa.

T.Z., Lundazi

Mayi T.Z.,

Yewo chifukwa cholemba. Za sipiliti ndasekako pang'ono, mundikhululukire, koma zina zonsezo si zoseketsa. Khalani pansi, tizimasule chimodzichimodzi.

Tiyambe ndi kiyi, poti ndi amene wakusocheretsani. Kiyi wa m'chikalata chofiiracho si wachitsulo, ndipo sangalowe pa chingwe cha m'khosi mwanu. Ndi mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala, umene uli pa kompyuta ya anthu amene mwina sanamvepo n'komwe kuti kuli malo otchedwa Lundazi. Pulogalamu yawo ikalowa mu kompyuta imasokoneza chithunzi chilichonse kuti chisatseguke, ndipo chobwezeretsa ndi mndandanda umenewo. Pa Chizungu dzina lake ndi limodzi ndi la kiyi wa pakhomo. A Obby anamasulira molondola, koma inu munamva za loko. Akuba amtunduwu salowera pakhomo kapena pazenera. Loko wanu watsopanoyo ateteza kamera ndi mipando, basi.

Nanga analowera pati? Mwandiuza nokha, n'kuwonjezera kuti si nkhani. Mayi, nkhani yake ndi imeneyo. Sindingalumbire kompyutayo ndisanaione, koma zonse zikuloza pa risiti ija imene sinaoneke. Uthenga wotere amautumiza kwa anthu miyandamiyanda, podziwa kuti mwa anthuwo muli ena amene akudikiradi katundu. Mutadina povomera paja, munawatsegulira ndi dzanja lanu. Tsopano ndikufunseni, Loweruka limenelo Faides anali kuti? Anali ku Mphamba, akuonetsa vidiyo ya kwaya. Chala sichiloza mwini, koma apa chipindeni pang'ono. Sindikunena kuti mudzitukwane, chifukwa msampha umenewu umakola ngakhale maofesi akuluakulu okhala ndi akatswiri awoawo. Ndikunena kuti mlamu wanu munamunamizira, ndipo munatero pagulu.

Za kabokosi, mtima ukhale m'malo. Kwanuko oweta ng'ombe amadziwa kuikiza. Munthu satsekera ng'ombe zake zonse m'khola limodzi. Ziwiri zitatu amakaikiza kwa mbale wake kutsidya, kuti matenda akagwa pakhomo asatsale ndi goli lokha. Kabokosi kanu kankagona khola limodzi ndi kompyuta, kali pa chingwe usana ndi usiku. Kakanakhala pompo Loweruka lija, kakanakhomedwa pamodzi ndi zinazo, chifukwa pulogalamu yotere imakhoma chilichonse chimene yapeza chili cholumikizidwa. Faides analakwa kunyamula osakuuzani, ndipo zimenezo mudzamuuza tsiku lina mitima itazizira. Koma mosadziwa anakuikizirani ng'ombe matenda atatsala tsiku limodzi kugwa. Chimene mwakhala mukuchiyesa umboni wa kuba ndicho chiyembekezo chanu chachikulu.

Tsopano zochita. Lero lomwe, chotsani kompyutayo pa intaneti, ndipo musalowetsemo flashi ya munthu aliyense, ingakhale yanu. Chikalata chofiiracho chijambuleni ndi foni, kenako muzimitse. Wina akabwera n'kuti aifufute yonse kuti muyambirenso, mukane kaye. Nthawi zina akatswiri olimbana ndi akubawa amapeza kiyi wa mtundu wina wa pulogalamuzi n'kuupereka kwaulere, ndipo tsiku limenelo mudzafuna zithunzi zokhomedwazo zikadalipo. Khadi la m'kamera lija lichotseni, musajambulirenso. Zofufutidwa zina zimatha kubwezedwa ngati zatsopano sizinagwere pomwepo, ngakhale pamenepo ndikuuzeni zoona kuti mwayi ndi wochepa.

Musalipire. Wotchi ija anaiika kuti muchite zinthu mutu usanaganize. Munthu amene wakuberani, alibe dzina, alibe nkhope, mukamutumizira ndalama iye n'kukhala chete, mukamusumira kwa ndani? Ena amalipira osalandira kanthu. Ena akalipira amauzidwa kuti awonjezere, poti aonetsa kuti m'thumba muli kanthu. Uja wa pa intaneti wofuna ya chiyambi, nambala yake ifufuteni. Ameneyo ndi wobwera kudzakunkha pamene anzake akolola.

Ku polisi pitani, koma mukanene za chikalatacho ndi imelo ija, osati za Faides. Pakompyuta pakufunika katswiri wokhala ndi shopu yodziwika, amene mungamupeze mawa ndi mkuja pamalo omwewo. Ngati ku Lundazi simukumudziwa, amuna anu amapita ku Chipata tsiku ndi tsiku. Apempheni akufunsireni, mwina n'poyambira kuyankhulananso. Mawu achinsinsi a imelo yanu ndi a kulikonse kumene mumalowera pa kompyuta imeneyo asintheni pa foni, osati pa kompyuta yodwalayo, ndipo aliyense akhale wosiyana ndi mnzake.

Zikadzatha izi, shopu yanu iphunzire kuikiza mwadala, osati mwangozi. Mukhale ndi tibokosi tiwiri. Kena kazigona kunyumba, muzisinthanitsa, ndipo kalikonse kazilumikizidwa pa nthawi yokopera yokha, kenako muzizula. Kukopera kusadikire kuti wina akumbukire, musankhe tsiku lake pa sabata. Nthawi ndi nthawi muzitsegula n'kuona ngati zithunzi zilimodi, chifukwa ng'ombe yoikiza imafuna kukaizonda. Khadi la ukwati kapena la maliro musalifufute ntchitoyo isanakhale pa malo awiri. Kompyuta ikapempha kuti mapulogalamu ake akonzedwe kukhala atsopano, muziilola, ndipo mupewe mapulogalamu okopera kwa anzanu amene simudziwa kochokera. Maflashi a makasitomala aziyamba apimidwa ndi pulogalamu yoteteza, ndipo mukadzapeza mphamvu mugule kakompyuta kena kakale ka ntchito imeneyo yokha. Uthenga ukabwera wokufulumizitsani kutsegula kanthu, imbirani foni mwini katunduyo pa nambala imene mukuidziwa kale. Kufunsa kumatenga kamphindi.

Norah muuzeni zoona, ndipo musadikire kuti abwere yekha. Mtsikana ameneyo wangoika bambo ake m'manda, asamayende ulendo wopita ku shopu kwanu sabata ndi sabata kudzamva za makina ovuta pang'ono. Muuzeni chimene chachitika, chimene mukuchita, ndiponso kuti simungalonjeze. Mumupemphenso afunse abale amene anali pa ukwati, mwina wina anajambula ndi foni pamene bambo ake ankamuperekeza. Adzakhumudwa, koma akadzamva kwa azimayi a salaula adzakhumudwa koposa.

Ku Mphamba pitani, ndipo musazengereze. Mwafunsa ngati anthu awiri ogwira zinthu zanu chikole ndi mmodzi. Ayi. Wina akufuna zimene si zake. Winayo akufuna dzina lake limene munamulanda, ndipo mtengo umene watchula ndi woyenera. Nyamulani kashuga ka apongozi, mukakhale pansi, mukanene mosazungulira kuti munalakwa. Musakayambe ndi "koma nawenso". Mukabwerako mukabwereze mawu omwewo pakhomo pa shopu, azimayi aja akumva, chifukwa mpamene munamunyozera. Ndipo kumbukirani kuti kiyi uja anaponya pakauntala satsegulanso kanthu, poti loko munasintha. Mutenge wa loko watsopanoyo, mukamuike m'manja mwa Faides musanatchule n'komwe za kabokosi. Kaya zithunzi za Norah zilimo kaya mulibe, ulendo umenewu ndi wanu ndithu.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulisunge kuposa zonse ndanenazi. Kabokosiko mukakalandira, mtima udzakuthamangitsirani ku shopu kuti mukaone ngati a Nason alimo. Musakalumikize ku kompyuta yodwalayo, ngakhale kwa kamphindi, ngakhale chikalata chofiira chitaoneka ngati chachoka. Kapite kaye kwa katswiri, akakapime pa kompyuta yabwino, poti kayendanso m'makina a ena kumudziko, ndipo zonse zili m'menemo azikopere pena musanachite china chilichonse. Ng'ombe yoikiza saibweza m'khola mukadali matenda. Mukapupuluma, chithunzi chija bambo agwira dzanja la mwana wawo chidzakhomedwa inu mukuona, ndipo ulendo uno ku Mphamba sikudzakhalanso kabokosi kena.

Ndine wanu,
Phungu